Mawu akathawa, nzeru zimatsala kuti?

Kodi munthu amaganiza ndi mawu, kapena mawu amangobwera pambuyo kudzasenza zimene mutu wamaliza kale? Funso limeneli anthu ophunzira a ku Baghdad, Paris ndi Oxford anakanganirana kwa zaka mazanamazana, ena m'Chiarabu, ena m'Chilatini. Ife ku Chancellor College tinkaliloweza kuti tikhoze mayeso a filosofi, tikatuluka m'holo n'kulisiya pakhomo pomwepo. Chaka chino landitsatira kwathu kuno ku Nkhotakota, ndipo pa yankho lake pakoloweka injini ya boti, ukonde wa chilimira, ndi ulemu wa munthu wamkulu.

Amalume anga, achimwene awo a mayi, anagwidwa sitiroko mvula itangosiya. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa. Mwendo wayamba kubwerera pang'onopang'ono, dzanja likadali lende. Chimene chinatiopsa kwambiri ndi pakamwa. Munthu amene ankalankhula Chichewa, Chiyao ndi Chiswahili chake cha kugombe, amene padoko sankalola wogula usipa kumaliza chiganizo, anatsala ndi mawu atatu: "eya", "ayi" ndi "basi". Awiri oyambawo nthawi zina amasinthana malo, pakamwa pakuti eya mutu ukupukusa. Kuchipatala anatifotokozera kuti magazi anatsekeka kumanzere kwa ubongo, mbali imene imayendetsa ziwalo zakumanja, imenenso mwa anthu ambiri imagwira chilankhulo.

Odzazonda matenda ndiwo anandikwiyitsa. Amafika, n'kufunsa ife kuti "Adya?" eni ake ali pamkeka pomwepo. Ena amawakuwira ngati ogontha. Ena amawanyengerera ndi kamawu kolankhulira khanda. Akamatuluka pampanda umamva akunong'onezana kuti, "Mutu unapita uja." Ngakhale mayi anga anandikokera kuseri kwa nkhokwe tsiku lina n'kundifunsa kuti, "Iwe unapita kusukulu, tandiuza. Achimwene alimo?"

Dzuwa likapendeka mdzukulu amawatulutsira bawo pansi pa mango. Amasewera ndi dzanja lamanzere, limene kale linali longogwirira ndudu. Amakhala duu kwa nthawi, maso akuyenda m'maenje, chala chikugwedera m'mwamba osakhudza njere. Kenako amatola, kugawa, kudya, kutembenuka, kudyanso, mpaka mzere wakutsogolo wa mnzawo utachita magweru. Amene amadziwa bawo akudziwa chimene chikuchitika m'kachetechete kameneka. Maenje alipo 32, njere 64, ndipo usanatole uyenera kuona kumene njere yomaliza ikagwere, ikadya ikalowera kuti, ndiponso chimene mnzako atsale nacho choti akubwezere. Bambo wina woyandikana nafe, poganiza kuti akusewera ndi wodwala, anadumpha dzenje limodzi dala. Amalume anamugwira pamkono, n'kutola njere imodzi, n'kuiika m'dzenje lodumphidwalo, n'kumuyang'ana m'maso: "Basi!" Bamboyo anaseka chamanyazi. Masewero amenewo anadyedwa.

M'zaka za m'ma 930, ku Baghdad, nduna yaikulu ya khalifa (mfumu ya Asilamu), Ibn al-Furat, inakhazika pansi akatswiri awiri pamaso pa khamu la anthu ophunzira. Mmodzi anali Abu Bishr Matta, Mkhristu amene ankamasulira mabuku a Aristotle kuchokera m'Chisiriya kupita m'Chiarabu. Winayo anali Abu Sa'id al-Sirafi, kadaulo wa galamala ya Chiarabu. Matta anati lojiki ndi sikelo yoyezera maganizo owongoka ndi okhota, ndipo sikeloyo ndi imodzi kwa mitundu yonse, monga mmene 4 kuphatikiza 4 amakhalira 8 kwa aliyense. Iye ntchito yake ndi tanthauzo, mawu awasiyira agalamala. Al-Sirafi sanamupatse mpata wopuma. Anamuuza kuti lojiki imeneyo anaipanga Mgiriki potsata chilankhulo cha kwawo, pomwe Mattayo Chigiriki sachidziwa, anachita kuimvera m'Chisiriya. Nanga tanthauzo munthu angalifikire bwanji osadzera m'mawu? Kenako anamutchera kaliwu kamodzi kolumikizira ka Chiarabu, konga "ndi" wathuyu, kuti afotokoze ntchito zake zonse, ndipo Matta anasowa chonena. Amene anatisungira nkhaniyi, al-Tawhidi, anali wophunzira wa al-Sirafi, choncho n'zosadabwitsa kuti Matta akuoneka wopepera m'menemo.

Odzazonda athu aja, osadziwa, ali kumbali ya al-Sirafi: mawu akapita, chatsala n'chiyani? Ine pansi pa mango paja ndimaona Matta akubweza chipongwe.

Mbali ya Matta inadzamangidwa molimba patapita zaka pafupifupi 400, ndi Mngelezi wa m'chipani cha Afransisko, William wa ku Ockham, m'buku lake la lojiki la Summa Logicae, la cha m'ma 1323. Ameneyu ndi uja anakangana ndi Papa pa nkhani ya umphawi wa Afransisko, n'kuthawa ku Avignon mu 1328, n'kukafera ku Munich mu 1347. Ockham anati chilankhulo chili patatu: cholembedwa, cholankhulidwa, ndi cha m'maganizo. Sanazitole m'tchire. Anatengera kwa Boethius, amene anaphedwa mu 524, ndi kwa Augustine wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, amene anali atalemba kale za mawu a mumtima omwe si a chilankhulo chilichonse. Chimene Ockham anawonjezera ndi kulongosola mmene mawu a m'maganizowo amagwirira ntchito, ngati kuti akulemba galamala yake.

Mawu apakamwa, iye anati, ndi a pangano. Mudzi wonse utagwirizana mawa kuti "bwato" lizitanthauza khasu, zingatheke. Mawu a m'maganizo sungawasinthe ndi msonkhano, chifukwa amene anawadzala ndi chinthucho pamene unakumana nacho. Ndi zizindikiro zachibadwa, ndipo zitsanzo zake anapereka zitatu: utsi umasonyeza moto, kubuula kwa wodwala kumasonyeza ululu, kuseka kumasonyeza chimwemwe cha m'kati. Palibe anakhala pansi kupangana kuti utsi uzitanthauza moto. Chimodzimodzi munthu amene waona mpasa, kuigwira, kuitumbula, m'mutu mwake mumatsala chizindikiro cha mpasa, chimodzi chomwecho kwa Mchewa, Mtonga ndi Mngelezi. Dzina lapakamwa limangodzakoloweka pamenepo.

Zimenezi ndinaziona ndi maso pa beseni la nsomba. Mayi wina wogulitsa anafika nazo kuchokera cha ku Bua, akuti zonse ndi mpasa. Mpasa ndi sanjika zikakhala zocheperako, ine mwana wa kuno ndimazisokoneza. Akazi awo a malume anakankhira besenilo pafupi ndi mkeka. Amalume anazitembenuza imodziimodzi ndi chala, kuyang'ana mamba ndi m'mbali, n'kuzigawa milu iwiri. Milomo inkagwedera, akufunafuna dzina, nkhope yachita tsinya, dzina osabwera. Koma mulu wa sanjika anaukankhira kwa mwini wake, ndipo mayiyo sanatsutse, anangotsitsa mtengo. Ockham akanati palibe chodabwitsa: chathyoka ndi chokolowekera, chizindikiro chili pamalo pake.

Pali kanthu kena ka Ockham kamene ndimakakonda. Anadzifunsa kuti mwa zonse za m'galamala ya Chilatini, ndi ziti zimene zilinso m'maganizo? Muyeso wake unali wakuti chokhacho chimene chingasinthe chiganizo kuchoka pa choona kupita pa chabodza. Kusiyanitsa chimodzi ndi zambiri kulimo. Nthawi ya mneni ilimo, pakuti "wabwera" ndi "adzabwera" si nkhani imodzi. Koma zoti dzina ili ndi lachimuna, ili ndi lachikazi, monga Chilatini chimachitira ngakhale ndi miyala, mulibe. Maina awiri a chinthu chimodzi mulibenso. Akanamva Chichewa chathu, ndikhulupirira akanati kusiyana kwa "bwato lalikulu" ndi "nsomba yaikulu" pa kagwirizanidwe ka mawu n'kwa pakamwa pokha. Ana anga a Fomu 2, amene ndimawavutitsa ndi magulu a maina, akanamuvotera.

Tsopano nayi mbali imene inasokoneza banja lonse. Azana ikamveka kumzikiti, amalume amakodola mdzukulu kuti abweretse madzi, amatawaza mothandizidwa, n'kukhala moyang'ana kumene Asilamu amayang'ana poswali. Ndiye pakamwa paja, posatha kutchula dzina la mkazi wawo, pamatuluka Fatiha yonse, sura yoyamba ya Kurani, m'Chiarabu, osaphonya. Tsiku loyamba akazi awo analira ndi chimwemwe poganiza kuti mawu abwerera. Swala itatha anawafunsa ngati akufuna tiyi, yankho n'kukhala "basi". Ena anayamba kunena kuti akuchitira dala, ena za masalamusi. Koma zimenezi zinaonedwa kale. Mu 1683 dokotala wa ku Germany, Peter Rommel, analemba za mayi wina amene anafa ziwalo zakumanja n'kutsala ndi timawu towerengeka, koma Pemphero la Ambuye ndi Chikhulupiriro cha Atumwi ankazinena bwinobwino, malinga ayambire poyambira. Zoloweza zimene munthu wabwereza moyo wake wonse zimayenda njira yake, yosiyana ndi ya mawu amene umachita kusankha.

Apa ndi pamene René Descartes amalowera, ndipo ndimamuwerenga ndi mtima wina masiku ano. M'buku lake la 1637, limene analemba m'Chifalansa kuti ngakhale osadziwa Chilatini awerenge, anafunsa mmene tingasiyanitsire munthu weniweni ndi makina opangidwa mofanana ndi munthu. Muyeso wake woyamba unali chilankhulo. Anati palibe munthu wopusa chotani, ngakhale wamisala, amene amalephera kulumikiza mawu kuti amveketse maganizo ake, pomwe palibe nyama yochenjera chotani imene ingatero. Chinkhwe chimatchula mawu ngati ife, koma sichisonyeza kuti chikuganiza zimene chikunenazo. Pamenepo anamanga chiphunzitso chake chakuti nyama zilibe nzeru, zimangoyenda ngati wotchi. Aliyense amene anawetapo galu amakana zimenezo, koma tizisiye.

Ukautenga mwachibwana muyeso umenewu, n'kumangomvetsera chotuluka pakamwa, amalume ukawaweruza chadodolido. Ukati pa swala pali nzeru chifukwa mawu akutuluka, pa bawo palibe chifukwa kuli zii. Komatu Descartes sanali wachibwana chotero. M'ndime yomweyo anatchula anthu obadwa osamva ndi osalankhula, n'kunena kuti amadzipangira okha zizindikiro zimene okhala nawo amaphunzira, ndipo zimenezo n'zokwanira. Chimene ankayang'ana ndi kuyankha mogwirizana ndi chilichonse chimene chabwera, ngakhale chimene sunachikonzekere. Kubweza njere m'dzenje lodumphidwa ndi yankho lotero. Fatiha ija nayonso si ya chinkhwe, koma umboni wake suli m'mawumo. Uli m'kudziwa nthawi, m'kuitanitsa madzi, m'kukana kuyamba mkeka usanatembenuzidwe. Muyeso wa Descartes umafuna munthu wofatsa, wokhala pansi n'kuphunzira zizindikiro za mnzake. Wodzazonda wa mphindi zochepa, maso ali pa foni, sangaukwanitse.

Sindikufuna kunama kuti palibe chinatayika. Al-Sirafi ali ndi gawo lake, ndipo lili pa timawu tating'ono tomwe tija anatchera Matta. Ukawauza amalume kuti, "Mwera wayamba, anyamata sanapite," amamva, n'kuloza kunyanja ndi chibwano. Ukati, "Ndalama imene mlamu wa siginala (wotsogolera anyamata a pa boti) anabwereka kwa munthu amene munamugulitsa boti lakale ija, akuti akanabweza chikhala kuti utaka unagwidwa," nkhope imakwinyika, dzanja n'kuyamba kukupiza ngati akuingitsa ntchentche. Ndani anapatsa ndani, chikanachitika n'chiyani chikhala kuti china chinachitika: zikalumikizana motalika, ulusi umawaduka. Ukaidula nkhaniyo tizidutswa amaitsatira, koma osati nthawi zonse mpaka kumapeto.

John Locke, m'buku lake lalikulu la za nzeru za munthu limene linatuluka kumapeto kwa 1689, anapatula gawo lonse lachitatu kukamba za mawu. Ankavomereza kuti maganizo amayamba, mawu n'kutsatira. Koma anaona kuti pali maganizo ena amene sitichita kuwatola m'chilengedwe monga timatolera mpasa. Timachita kuwasonkhanitsa tokha kuchokera ku tizidutswa tobalalika. Iye anatchula zinthu monga kupha kholo ndi chionetsero cha opambana nkhondo. Ife tinene ngongole, chikole, chiwongoladzanja. Ngongole sungaiike m'beseni. Muli munthu wopereka, wolandira, nthawi yapita, nthawi ikubwera, lonjezo. Locke anati dzina ndilo mfundo imene imamanga tizidutswa timeneti kuti tisamwazikane. Ananenanso chimodzimodzi za manambala akuluakulu, kuti popanda maina munthu amasokonezeka powerenga. Msodzi aliyense akudziwa chimene chimachitikira ukonde mfundo ikamasuka. Ndimaona amalume akuwerenga ndalama masiku ano: saziwerenga motsatana ngati kale, amaziika timilu tofanana pamkeka n'kuwerenga timiluto ndi maso. Apeza njira ina yomangira. Koma ngongole ya zaka zitatu zapitazo ilibe timilu.

Ndiye pa ine Ockham akulondola pa zinthu zimene munthu anazigwira ndi manja, ndi pa kuwerengera kwa mtundu wa bawo. Locke akulondola pa zinthu zimene zimakhalapo chifukwa anthu anapangana. Chimene Ockham sanachilabadire n'chakuti chilankhulo cha m'maganizocho, ngakhale chikhale chathunthu, mwini wake amavutika nacho chikasowa potulukira. Ndawaonapo amalume akumenya mkeka ndi chibakera, misozi ili mbwembwembwe, ife tikutchula zinthu mwachisawawa: madzi? fodya? chimbudzi? wailesi? Chimene ankafuna chinali choti wina akachotse boti pamchenga pamene mafunde anayamba kufika.

Funso la mayi lija, loti alimo, ndinayesa kuliyankha ndi Ibn Sina, sing'anga ndi wafilosofi wobadwira pafupi ndi Bukhara mu 980, amene anamwalira mu 1037. Iye anati tayerekeza munthu walengedwa kamodzi n'kamodzi ali wamkulu kale, ali lende m'malere, maso ophimbidwa, manja ndi miyendo zotambasuka kuti zisakhudzane, kulibe phokoso, kulibe mphepo yomukhudza. Kodi angadziwe kuti alipo? Ibn Sina anati inde. Sangadziwe kuti ali ndi dzanja kapena mtima, koma zoti iye alipo sangakayike. Munthu ameneyo sanaphunzirepo liwu ndi limodzi lomwe. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti, "Munthu wopanda amake ameneyo?" Anapitiriza kusenda chinangwa cha kondowole. Sindinawayankhe, ndipo ndikuganiza kuti anagunda pamene nkhaniyo imafookera: munthu wotere kulibe, aliyense amene amadzidziwa anayamba wagwidwa, wayamwa, waitanidwa.

Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anali pafupi ndi mayi kuposa Ibn Sina. Ankakhulupirira kuti mzimu sufa, komabe analemba mosabisa kuti mzimu wanga si ine, munthu ndi thupi ndi mzimu pamodzi. Anatinso pa moyo uno nzeru sizigwira ntchito popanda zithunzi zochokera m'maso, m'makutu ndi m'manja, ndipo umboni wake unali wa kuchipatala: chiwalo cha m'mutu chikavulala, munthu amalephera kugwiritsa ntchito ngakhale zimene ankazidziwa kale. Mu 1643 Elisabeth wa ku Bohemia, mwana wa mfumu, ali ndi zaka 24, anapanikiza Descartes ndi nkhani yomweyi m'makalata. Ngati mzimu ulibe kukula kapena malo, umakankha bwanji dzanja? Ndipo ngati uli pawokha, bwanji kudwala pang'ono kwa thupi kumaulanda luso lonse la kulingalira? Descartes anayankha mozungulira, ndipo Elisabeth anamuuza mwaulemu kuti sanakhutire. Patapita zaka 91, mu 1734, Anton Wilhelm Amo, wobadwira cha ku Axim m'dziko limene lero ndi Ghana, anateteza ku yunivesite ya Wittenberg nkhani yake yotsutsa mawu amene Descartes analembera Elisabeth, akuti mzimu umamva zowawa limodzi ndi thupi. Amo anati kumva kutentha, kuzizira ndi ululu ndi ntchito ya thupi lamoyo, maganizo amangozindikira. Ndikamatsina dzanja lakumanja la amalume iwo n'kumaliyang'ana ngati la mlendo, ndimakumbukira kuti munthu wa ku Africa kuno anakhalapo pabwalo limenelo, n'kulankhula m'Chilatini chawo chomwecho.

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhambakamwa za anthu okhuta. Koma funso loti wosalankhula ali ndi nzeru kapena ayi lakhala likugamula za chuma kuyambira kale. Malamulo a mfumu Justinian ankaletsa munthu wobadwa wosamva ndi wosalankhula kulemba wilo. Ku Spain m'zaka za m'ma 1500, mwana wosalankhula wa banja lolemera ankatha kumanidwa cholowa ndi udindo wa makolo ake. N'chifukwa china chimene mmonke Pedro Ponce de León, amene anamwalira mu 1584, anadziwikira: ku nyumba ya amonke ya ku Oña anaphunzitsa ana osamva a banja la Velasco kulemba ndi kutchula mawu. Buku la Juan Pablo Bonet la kaphunzitsidwe ka osalankhula, lokhala ndi zithunzi za zilembo za zala, linatuluka ku Madrid mu 1620, Descartes asanalembe zake zija.

Kwathu nkhani inali injini. Msuweni wanga, mwana woyamba wa amalume, anaitanitsa banja Lachisanu anthu atachoka ku mzikiti. Si munthu woipa, ndipo zifukwa zake zinali zomveka. Mankhwala a BP akufunika mwezi ndi mwezi, ana awiri ali ku sekondale, mafuta akwera, ndipo anyamata a pa boti akapanda kuyang'aniridwa amabwera ndi nkhani m'malo mwa ndalama. Anati, "Abambo sakuthanso kuyendetsa zinthu. Tigulitse injini ndi chilimira zisanawonongeke." Ankalankhula atawafulatira. Anthu anayamba kuvomera ndi mitu.

Amene anatembenuza nkhani ndi ashehe, osati ine ndi mabuku anga. Anati m'malamulo a Chisilamu chizindikiro chodziwika cha munthu wosalankhula chimatengedwa ngati mawu apakamwa, pa malonda ngakhale pa ukwati. Katundu ndi wa mwini wake, mwini wake ali pompano, afunsidwe. Msuweni anati, "Ashehe, adzangoti eya pa chilichonse." Ndi pamene ndinapempha kuti tisadalire eya ndi ayi, popeza tonse tikudziwa kuti amasinthana. Tinabweretsa zinthu pamkeka: paipi ya mafuta ya injini, chidutswa cha ukonde, nkhafi ya bwato laling'ono limene lakhala likuwola kuseri, ndi mpukutu wa ndalama. Ndinagwada pafupi n'kunena mwachidule: "Amalume, ndalama zikufunika. Mankhwala. Fizi. Chigulitsidwe n'chiti?"

Anayang'ana zinthuzo nthawi yaitali, monga amachitira pa bawo. Anakoka paipi n'kuiika pansi pa ntchafu yawo. Nkhafi anaikankhira ku ndalama. Chidutswa cha ukonde anachinyamula, n'kuyang'anayang'ana pagulupo mpaka atapeza siginala wawo wakale, amene anakhala kumbuyo pafupi ndi mpanda, n'kumukodola. Atafika anamuika ukondewo m'manja, kenako anatenga ndalama zija n'kuzigawa milu iwiri, wina kwa siginala, wina kwa akazi awo. Tinasokoneza zinthuzo, kuzisintha malo, wofunsa n'kukhala ashehe, kenako akazi awo. Paipi inabwerera pansi pa ntchafu, nkhafi ku ndalama, ukonde kwa siginala.

Msuweni anafunsa funso limene silinali lopusa: "Tidziwa bwanji kuti zimene akutanthauza ndi zimene ife tikumva?" Locke anavutika nalo funso lomweli, ndipo iye ankanena za anthu olankhula bwinobwino. Anati mawu amaimira maganizo a amene akuwalankhulayo basi, ndipo tonse timangoyesa kuti mnzathu akamati "chilungamo" kapena "golide" m'mutu mwake muli zimene zili mwa ife, pomwe kawirikawiri sizili choncho, n'chifukwa chake milandu siitha. Mankhwala ake anali kufotokozerana, kupereka zitsanzo, ndipo pamene zingatheke, kuloza chinthucho. Ndinamuuza msuweni kuti iyenso akati "tigulitse zisanawonongeke" sindingalowe m'mutu mwake. Ndimangoona ngati mawu ake akugwirizana ndi zochita zake lero ndi mawa. Abambo ake tawayeza ndi muyeso womwewo, ndipo mwina mokhwima kuposa mmene tamuyezera iye.

Zinalembedwa papepala. Bwato laling'ono ligulitsidwe, injini ikhale, siginala ayendetse chilimira n'kumagawana phindu ndi banja. Amalume anadinda ndi chala chachikulu chakumanzere, ashehe ndi anyakwawa anasainira umboni. Pa nkhani ya ngongole ya mlamu wa siginala ija tinalephera. Tinayesa ndi ndalama, ndi miyala, ndi zithunzi za pa foni, amalume anangotopa n'kutembenukira kukhoma. Msuweni akuti pamenepo ndiye pakuonekera zimene ankanena, ndipo ngongoleyo akaitsata yekha mmene akudziwira. Palibe anamuletsa.